Digiri ya udokotala sinyamula chikwama

Ndatopa nawo mawu awa, amene madokotala achinyamata a usilikali amabwera nawo kwa ine chaka ndi chaka: "Ine ndi dokotala, makomando akundifuna, sangandibweze." Akubwezani ndithu, tsiku lachitatu lisanakwane. Oyesa aja sawerenga digiri. Amangoona ngati mwafika pamene anakuuzani nthawi isanathe, chikwama chili kumsana, mutu ukugwirabe ntchito.

Ku Britain, ofuna kulowa SAS, gulu la makomando a dzikolo, amayesedwa m'mapiri a Brecon Beacons ku Wales. Ulendo wina wotchedwa Fan Dance ndi wa makilomita 24, kukwera phiri la Pen y Fan, kutsikira kuseri, n'kubwereranso. Wotsiriza ndi wa makilomita 64, munthu ali yekha ndi mapu ndi kampasi. Ku msasa wa Camp Mackall ku America mayeso a ofuna kulowa gulu la makomando la Special Forces amatenga pafupifupi milungu itatu, ndipo amene mukuvutika nawo limodzi amafunsidwa kuti akuonani bwanji. Madokotala ambiri amagwera pamenepa. Kuwodi mukakhosomola anamwino amathamanga. Kuthengo kulibe wotuma, ndipo amene amaiwala kusenza chipika chifukwa chotanganidwa ndi kulangiza anzake amadziwika msanga.

Zothamanga ndi zamapu sinditayirapo nthawi, mukuzidziwa. Koma funsani akuluakulu anu lero ngati gulu lanu limalola dokotala kuyesedwa, chifukwa malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku America, wachipatala wa m'timu ya Special Forces amakhala sajeni wophunzitsidwa mwapadera, osati dokotala. Ganiziraninso za mapangano a Geneva a 1949 okhudza malamulo a pankhondo, amene amateteza wachipatala pokhapokha ngati sakuchita nawo zoukira mdani.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mnzathu wina. Anali waliwiro kuposa tonsefe, wodziwa ntchito, wofatsa. Anayamba kuyenda ndi chikwama cholemera kutangotsala miyezi iwiri kuti mayeso ayambe, chifukwa chaka chonse ankati mawa, mawa, ntchito yachuluka. Mtima ndi minofu zimazolowera katundu m'milungu yochepa, koma fupa limafuna miyezi, ndipo iye ankadziwa zimenezi, ankaphunzitsa ena. Patapita milungu ingapo anayamba kumva kuwawa m'mphechepeche. Msilikali wina aliyense akanabwera ndi dandaulo lomwelo, iye akanamuletsa kuthamanga tsiku lomwelo n'kumutumiza ku MRI, makina ojambula m'kati mwa thupi, podziwa kuti mng'alu wa fupa wobwera ndi katundu nthawi zambiri suoneka pa X-ray m'milungu yoyambirira. Koma poti anali mwendo wake, anadzilembera diclofenac, mankhwala opha ululu. Ndinamuona akutsimphina pakhonde, ndinamufunsa, anati ndi mnofu chabe, ine n'kuvomera chifukwa anali dokotala mnzanga. Fupa la ntchafu linathyokera pakhosi pake, pafupi ndi chiuno, mayeso ali mkati. Anamutsitsa pamachira.

Dokotala ali ndi vuto limene msilikali wamba alibe: kabati ya mankhwala ili m'manja mwake. Mankhwala opha ululu a mtundu umenewo amabisa mng'alu, komanso amapweteka impso za munthu amene madzi atha m'thupi. Mkodzo ukada ngati dzimbiri mutayenda ulendo wautali, minofu ikusweka, imani.

Ndiye pali ogulitsa maufa ndi majekeseni pa intaneti, olonjeza thupi la komando m'milungu isanu ndi umodzi. Zimandichititsa manyazi kuti ngakhale ophunzira zachipatala amagula. Mu 2011 asilikali awiri a ku America anamwalira pa maphunziro olimbitsa thupi atagwiritsa ntchito mankhwala okhala ndi DMAA, chinthu chothamangitsa mtima, ndipo mankhwalawo anachotsedwa m'masitolo a m'misasa. Mankhwala otchedwa ma steroid amakulitsa mnofu kuposa mmene mitsempha yolumikiza ingapirire. Ndipo kutentha kokha kumapha popanda chothandizira: mu Julaye 2013 asilikali atatu anamwalira nako pa mayeso a SAS ku Brecon Beacons komweko. Inu mukufuna kuwonjezerapo ufa wothamangitsa mtima?

Dzipatseni chaka chathunthu. Yambani ndi chikwama chopepuka, muziwonjezera pang'onopang'ono, nsapato zake zikhale zomwezo zimene mudzavale. Pezani dokotala wina, wosakuopani, amene mudzamumvere akati pumulani. Mnzathu uja amagwirabe ntchito, ali ndi zitsulo m'chiuno, ndipo tikakumana sitikamba za tsiku lija pakhonde.