Ndale zikakulandani tulo, osathamangira mapilitsi

Bambo wina wa zaka za m'ma 50 anabwera kudzandiona masiku aja tinkadikira zotsatira za chisankho cha pa 16 Seputembala 2025. Maso ali psuu, BP yakwera, akuti mutu ukuwawa cha kunkhongo kuno. Ndinawafunsa kuti bambo mukumagona bwanji? Anayamba aseka kaye. "Adokotala, kugona kwake kuti, ine tulo tikumabwera 3 koloko, 5 koloko ndadzuka kale." Ine ndimaganiza kuti mwina ndi ngongole kapena za pakhomo, ayi ndithu, anatulutsa foni nkundionetsa magulu a WhatsApp a ndale okhaokha, uku wina waponya zotsatira zosatsimikizika, uku voice note ya munthu wosadziwika akuti wamva kuchokera "mkatikati", ndiye iwo usiku wonse ali ndi cholembera kuwonkhetsa mavoti a maboma ngati a MEC awalemba ganyu. Anabwera kudzapempha mapilitsi ogonetsa. Sindinawapatse, ndipo ndifotokoza chifukwa chake, koma tiyambe ndi chomwe chimawasowetsa tulocho, poti sichinali chamisala ayi.

Iwo funso lawo linali limodzi: dziko lino ndi la mabanja angati kodi? Ndipo mukaona bwino funsoli lili ndi mutu. Bakili Muluzi analamula kuyambira 1994 mpaka 2004, chipani cha UDF chinadzagwera m'manja mwa mwana wake Atupele. AFORD ya Chakufwa Chihana inapita kwa mwana wake Enoch. Bingu wa Mutharika atamwalira pa 5 Epulo 2012 chipani cha DPP chinatsala ndi mng'ono wake Peter, amene anapambana mu 2014 nkudzabwereranso mu 2025. A MCP nawonso asaseke anzawo, nduna zomwe a Chakwera anasankha mu 2020 munali bambo ndi mayi a nyumba imodzi, a Mia, munalinso munthu ndi mlongo wake a kwa Kandodo, omwe ndi a mtundu wa Kamuzu. Amene muli ndi zaka mukukumbuka usiku uja wa pa 6 Epulo 2012 pomwe nduna zisanu ndi imodzi zinaonekera pa TV pakati pausiku kunena kuti mayi Joyce Banda sangatenge mpando, chonsecho malamulo a dziko ankanena poyera kuti wachiwiri ndiye amalowa. Tsiku limenelo ngakhale ine sindinagone.

Pano ndinene chilungamo, kukhala mwana wa uje kapena mng'ono wa uje si mlandu, malamulo saletsa, ndipo anthuwa akapambana amapambana ndi mavoti athu omwe. Komanso katangale sadikira dzina la banja. Cashgate ija inaphulika mu Seputembala 2013 ataomberedwa Paul Mphwiyo, mkulu woona za bajeti, nthawi imeneyo pampando panalibe mwana kapena m'bale wa pulezidenti wakale. Akatswiri a Baker Tilly atafufuza anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, Epulo mpaka Seputembala, ndipo njira yake inali yophweka mochititsa manyazi: kulowa mu kompyuta ya boma yolipirira ija ya IFMIS, kulemba cheke cha kampani yomwe sinagulitse boma ngakhale msomali umodzi, ndalama zikatuluka nkufufuta. Zina zinkapezeka m'mabuti a galimoto. Mayiko otithandiza anaimika thandizo la bajeti, ndipo ife a m'zipatala tinaziona ndi maso, mashelefu a mankhwala mbee.

Ndiye vuto la utsogoleri wa pabanja lili pati? Lili pa kufunsa. Katangale amaopa munthu wofunsa kuti risiti ili kuti. Tsono chipani chikakhala ngati munda wa banja, ndalama zoyendetsera chipani zikuchokera nyumba imodzi, galimoto za kampeni nyumba yomweyo, ku convention opikisana nawo amangoperekeza, ndani angaimirire nkufunsa? Apongozi suwafunsa risiti. Mlembi amadziwa kuti akatsegula pakamwa mawa alibe mpando, basi aliyense amangoti mbuzi imadya pomwe aimangirira, nkumaombera m'manja.

Koma gawo lomwe sitikonda kumva ndi lathuli. Phungu ntchito yake ndi kupanga malamulo, kulondoloza momwe boma likugwiritsira ntchito ndalama, ndi kukatilankhulira ku Lilongwe. Ife tinamusandutsa wogula mabokosi a maliro, wolipira fizi, wopereka ya mchere, ambulansi ya mudzi. Munthu woti achite zonsezo kwa zaka zisanu ndiye kuti akhale ndi thumba lakuya, ndipo thumba lakuya limapezeka kwa mabanja omwe analawapo kale mpando, kapena kwa wamalonda amene adzafune kubweza yake kudzera m'makontirakiti. Mphunzitsi wanzeru wa m'dera lanu, wopanda ya zitenje ndi matisheti, amagwa pa ma primary pomwepo. Mwaona kuti mzere wa mabanja uja timaumanga tokha? Lamulo la zipani la 2018 linaletsa ma handout, koma lamulo lingatani ngati wolandira ndi amene akuitanitsa, "bwana tisiyireniko ya sopo".

Maphunziro a ovota omwe timamva pa wailesi, a MEC ndi a NICE, amathandiza ndithu pa kulembetsa, kusunga chiphaso, kuchonga malo amodzi kuti voti isawonongeke. Koma amenewo ndi a sitandade 1. Maphunziro enieni ndi a pakati pa zisankho. Nyumba ya malamulo tsopano ili ndi mipando 229, dera lililonse limalandira ndalama za chitukuko za CDF, kodi mukudziwa kuti za kwanu zinamanga chani, anapatsidwa ntchitoyo ndani, ndi m'bale wa ndani? Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, mutha kulemba kalata ku khonsolo kufunsa zimenezi, mukakhala gulu kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) kapena ya m'dera (ADC) zimavuta kukuzembani. Bungwe lothana ndi katangale la ACB liliponso lokasumako. Ndipo osamati palibe chimasintha, chisankho cha tipeksi cha 2019 khoti linachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, tinavotanso pa 23 Juni, nkhani ya 50+1, yoti pulezidenti azipambana ndi mavoti oposa theka, inachokera pomwepo. Zonsezi ndi ntchito za masana, za munthu wogona bwino. 2 koloko usiku palibe ofesi yotsegula.

Apa ndi pomwe ndikubwerera ku ntchito yanga. Thupi silisiyanitsa pakati pa fisi ali pakhomo ndi uthenga wokwiyitsa wa pa Facebook, likamva zoopsa limatulutsa michere yokonzekeretsa munthu kumenya kapena kuthawa, mtima umathamanga, minofu imakungika, ndipo tulo sitibwera pa thupi lomwe lili pa alonda. Munthu wamkulu amafunika maola 7 kapena kuposerapo pang'ono. Akamaperewera masiku ambiri amapsa mtima msanga, amaiwalaiwala, BP ndi shuga zimavuta kuzigwira, ndipo chomwe ndimaona ine, amakhulupirira mphekesera mosavuta nkumangotumiza kwa ena osaganiza. Wotopa ndi wosavuta kumunamiza, andale amadziwa.

Chomwe ndinawauza bambo aja choyamba chinali cha foni. Ola limodzi musanagone izime kapena ikagone pa chaja kuchipinda china, osati pansi pa pilo. Anthu amakamba za kuwala kwa sikirini, inde kuli ndi mbali yake, koma chachikulu ndi zomwe mukuwerengazo. Nkhani muzimva pa nthawi yoikika, mwina m'mawa ndi madzulo pa wailesi yomwe mumaikhulupirira, zatha.

Chachiwiri chimadabwitsa anthu: mukagona nkuona kuti papita mphindi ngati 20 tulo osabwera, dzukani. Osakakamira kugubuduka, chifukwa ubongo umaphunzira kuti bedi ndi malo olingalira za dziko. Kakhaleni pa mpando kowala pang'ono, werengani Baibulo kapena Korani kapena kabuku kosasangalatsa kwenikweni, sokani, tongolani chimanga ngati chilipo, tulo tikayamba kukukokani bwererani. Ndipo m'mawa dzukani nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse ngakhale munagona mochedwa, Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Masiku oyamba zimawawa, mumayenda ngati mwaledzera, koma ndi mmene wotchi ya m'thupi imabwererera m'malo. Kugona masana maola awiri kuti mubweze ndiye kumaononga usiku wotsatira, ngati simungapirire kagoneni pang'ono chabe dzuwa lisanapendeke.

Tiyi nayenso. Ambiri amaganiza kuti khofi yekha ndiye amathawitsa tulo, koma masamba a tiyi athu a ku Thyolo ndi Mulanje omwewa ali ndi caffeine, Coca-Cola ndi ma energy drink chimodzimodzi, ndipo pakatha maola asanu theka lake limakhala likadali m'magazi. Kapu ya 6 koloko madzulo imakupezani pa bedi. Mowa ndiye wachinyengo, umakugwetsani msanga koma cha m'ma 2 koloko mwadzuka kukataya madzi, tulo tatha. Nkhawazo zipatseni nthawi yake kukadali kowala: tengani kope, lembani chomwe chikukudyani, pambali pake lembani chomwe mungachite mawa, kaya ndi kukafunsa akhansala za mjigo uja. Chomwe mulibe nacho chochita, monga kuwerenga mavoti a ku Karonga muli ku Nsanje, chisiyeni m'kopemo.

Mapilitsi aja bwanji? Diazepam, yemwe ambiri amamuti Valium, amagonetsa inde koma thupi limamuzolowera m'masabata ochepa, umafuna wochuluka, ukasiya mwadzidzidzi tulo timathawiratu, ndipo kwa achikulire amagwetsa. Kusakaniza ndi mowa ndiye koopsa zedi. Piriton amene anthu amagula pa golosale uja ndi wa ziwengo, amakusiyani mutu uli zii m'mawa. Koma pali nthawi yoti musalimbane nazo nokha: ngati mukusowa tulo masiku atatu pa sabata kwa miyezi itatu, ngati mukudzuka m'bandakucha mtima uli wosweka osafunanso chilichonse, kapena maganizo odzipha akubwera, pitani kuchipatala msanga, kukhumudwa ndi matenda ndipo amachizika. Ngati mukudzuka kawirikawiri kukakodza kayezetseni shuga. Ngati akunyumba akuti mumaliza mkonono nkumabanika, kaonetseni. Amene muli pa ma ARV okhala ndi dolutegravir, kwa ena amachepetsa tulo akamwa usiku, nchifukwa chake timati muzimwa m'mawa, koma osasiya, kambiranani ndi achipatala.

Bambo aja anabweranso patatha masabata atatu kudzayezetsa BP. Inali itatsikako. Anati magulu aja anatulukamo anasiya limodzi lokha la kumudzi kwawo, foni ikumagona pa shelefu ya mbale, ndipo mayi a kunyumba ndi amene akusangalala kwambiri. Tulo akuti sitinabwerere tonse, masiku ena akumadzukabe 4 koloko. Potuluka anatembenuka pa khomo nkundifunsa ngati ndikudziwa kalembedwe ka kalata yofunsa za CDF ku khonsolo, ndinawauza kuti abwere Lachisanu nditaweruka, abweretse pepala.