Powolokera anthu pamsewu waukulu: amalamula ndani, ndipo mungapemphe bwanji?

Makina akafika kudzakonza msewu, anthu a ku Ulongwe, ku Zóbuè ndi ku Moatize amafunsa zofanana: phula labwera, nanga ana athu aziwolokera pati? Nawa mayankho a mafunso amene amamveka kawirikawiri.

Kodi pasadera, mizere yoyera yowolokerapo anthu, amaika ndani?

Zimatengera mwini msewu. Misewu yokhala ndi chilembo N, monga N7 yochokera ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, N304 yopita ku Calómuè kudzera ku Ulongwe, ndi N9 ya ku Cassacatiza, ili m'manja mwa ANE, bungwe la boma loyang'anira misewu. Misewu ya m'kati mwa tauni ndi ya munisipiyo. Mkangano umabuka pamene msewu wa N wadutsa pakati pa msika. Apo munisipiyo, kapena ofesi ya administradoro kumene kulibe munisipiyo, imapempha ndi kuloza malo, koma siingangotenga penti n'kujambula yokha popanda kugwirizana ndi ANE.

Ndiye ife anthu wamba tilibe mawu?

Muli nawo, koma ali ndi nyengo yake. Ntchito zikuluzikulu za misewu zimayenera kudutsa pa kafukufuku wa zachilengedwe motsatira lamulo la boma lotchedwa Decreto 54/2015, ndipo mkati mwake mumakhala misonkhano yomva maganizo a anthu. Nthawi yolankhula ndi imeneyo, mapulani akadali papepala. Ambiri timapita kumisonkhano imeneyi mitima ili pa chipukuta misozi cha nyumba ndi mitengo ya mango, zomwe si zolakwika, koma za powolokera timadzazikumbuka phula litauma kale, kontilakitala atapakira makina ake. Kuwonjezera chinthu pamenepo kumafuna ndalama zina, ndipo yankho lake limakhala lakuti dikirani.

Pempho lidzere kuti?

Kumudzi yambirani kwa amfumu kapena anyakwawa, nkhani ikafike ku conselho consultivo, khonsolo yokambirana za chitukuko cha dera lanu, kenako ku boma, ku ofesi yoona za mapulani ndi zomangamanga, SDPI. M'tauni dzerani kwa sekeletale wa bairo, ipite ku munisipiyo. Lembani kalata, m'Chipwitikizi, ndipo kope lanu alidinde. Mawu a pakamwa amauluka.

Musangoti "tikufuna pasadera". Nenani malo enieni: pageti la sukulu, pamene machapa amatsitsira anthu, pamene amayi amawolokera ndi ndowa kuchokera kumjigo. Nenaninso nthawi imene anthu amachuluka. Injiniya amene wabwera Lachiwiri masana sangadziwe mmene pamakhalira tsiku la msika, matumba a mbatata ya kachewere atatsamira m'mphepete mwa phula, njinga ndi mbuzi zili piringupiringu.

Bwanji nthawi zina amakana malo amene tasankha?

Kawirikawiri chifukwa cha maso a dalaivala. Pokhota, kuseri kwa chitunda kapena kumunsi kwa mtsetse, lole yodzaza katundu siingaime msanga ngakhale dalaivala atafuna. Mizere yoyera pamalo otero imangonamiza mwana kuti ali pabwino. Koma akakusunthirani kutali kwambiri, kambiranani, chifukwa munthu wosenza katundu sazungulira mtunda wautali kufuna mizere. Adzawolokera pomwe anazolowera.

Penti yokha ikukwana?

Kwa ine ayi. Lamulo la pamsewu la 2011 limati m'malo okhala anthu galimoto isapitirire makilomita 60 pa ola, koma aliyense amene anaimapo m'mbali mwa N7 akudziwa mmene malole opita ku Malawi amadutsira. Pemphani zonse pamodzi: zikwangwani zochenjeza patali, malomba oti galimoto ichepetse liwiro, ndi kanjira ka oyenda pansi kofika pamizerepo. Funsaninso kuti penti ikafufutika adzapakenso ndani.

Nanga ogulitsa m'mbali mwa msewu?

Apa m'pamene pamawawa. Lamulo la malo la 1997 linasiya mamita 30 mbali iliyonse ya msewu waukulu, ndi mamita 15 pa misewu yocheperapo, ngati malo otetezedwa. Benchi ya tomato ikatseka maso a dalaivala pafupi ndi pasadera, akuluakulu ali ndi mphamvu yoisuntha. Choncho pamsonkhano womwewo funsani kumene ogulitsawo adzapite, ndipo yankholo lilembedwe mu akita, chikalata cha zimene zakambidwa pamsonkhano.