Krugerrand yakale siiposa yatsopano pa mtengo

Ambiri amene agwirapo ntchito ku Joni amakhulupirira kuti Krugerrand ikamakalamba, mtengo wake umakwera. Si zoona ayi. Ndalama yagolide imeneyi, yomwe dziko la South Africa linayamba kusula mu 1967, amaigula potengera golide amene ali m'kati mwake basi. Krugerrand yodziwika kwambiri imalemera magalamu 33.93, ndipo 31.1 mwa amenewa ndi golide weniweni. Otsalawo ndi mkuwa, umene umailimbitsa n'kuipatsa kufiirira kuja. Ena akaona kufiirako amathamangira kunena kuti ndi yachinyengo, chonsecho anaipanga dala choncho.

Ya 1978 ndi ya chaka chatha, wogula amaziika pa mtengo pafupifupi umodzi, wotsatira mmene golide akuyendera tsikulo. Za m'ma 1970 zinasulidwa mamiliyoni ambirimbiri, ndiye palibe chosowa pamenepo. Zimene osonkhanitsa ndalama zakale amalimbirana ndi zochepa zija za 1967 mpaka 1969, komanso zonyezimira mwapadera zotchedwa proof. Koma izi nazo, mukazikwecha ndi phulusa ngati poto kuti ziwale, mwagwetsa nokha mtengo wake.