Thewera la nsalu silisupula mwana

Pafupifupi tsiku lililonse la sikelo ndimamva mawu omwewo: "Anamwino, matewera a nsalu amasupula mwana, n'chifukwa chake ndinayamba kugula mapampasi." Kunena zoona, mawu amenewa anditopetsa. Chimene chimasupula khungu la khanda ndi mkodzo ndi chimbudzi zikakhalitsa pathupi, ndipo zimenezi zimachitika m'thewera la mtundu uliwonse.

Sindimuiwala mwana wa miyezi isanu amene ndinamuona chaka chatha. Pampasi imodzi ankagona nayo n'kuswera nayo chifukwa mtengo unali utawakulira mayi ake, ndipo khungu litayamba kufiira, iwo anakagula mafuta kwa munthu woyala mankhwala pamsika. Mafutawo anali a steroid, omwe ena amayeretsera nkhope. Kufiirako kunazilala masiku awiri okha, kenako fangasi inafalikira mpaka m'mphechepeche, moti pamene ankafika kwa ife patatha milungu itatu, mwanayo ankalira tikangomukhudza ndi madzi. Zotupa zikapitirira masiku atatu, zikalowa m'makwinya a khungu, zikatulutsa mafinya kapena thupi likatentha, thamangirani kuchipatala, ndipo musapakepo zitsamba, paudala kapena mafuta ogula m'njira, ngakhale wogulitsayo alumbire kuti anachiza ana ambiri.

Pampasi imapangidwa ndi pulasitiki pamodzi ndi ufa womwa madzi, choncho ikatayidwa imatha zaka zambirimbiri osaola. Mukaponya m'chimbudzi chokumba, dzenje limadzaza msanga. Mukaotcha, mumapuma utsi woipa. Mukataya kudzala, agalu amaikokera pakhomo pa anzanu, ndipo mvula ikagwa imakathera mu Mudi kapena mu mtsinje wa Lilongwe. Ambiri amaganiza kuti chimbudzi cha khanda chilibe tizilombo, koma chilinazo, ndipo ife amene tinagwira ntchito pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitiiona mopepuka pampasi yoyandama pamene ena akutunga madzi.

Matewera a nsalu khumi ndi awiri kapena kuposerapo amalera mwana mmodzi n'kudzalereranso mng'ono wake, bola asamalidwe. Sinthani mwana akangonyowetsa, kutumulirani chimbudzicho m'chimbudzi, nyikani theweralo m'ndowa yovindikira, chapani ndi sopo, ndipo tsukuluzani mpaka thovu litatheratu, chifukwa sopo wotsalira ndiye amayabwa khungu n'kunamiziridwa nsalu. Kabudula wa pulasitiki wovala pamwamba asathine, ndipo masana muzimusiyako mwana kanthawi wopanda thewera kuti apitidwe mphepo.

Poyanika, yanikani pachingwe padzuwa, osati pa udzu kapena pansi, kenako musite mbali zonse ziwiri. Pali ntchentche zimene zimaikira mazira pa nsalu yonyowa yonunkha mkodzo, ndipo mphutsi zake zimaboola khungu n'kupanga kachithupsa kamene ndafinyapo kambirimbiri pamatako a makanda m'nyengo ya dzinja.