Gitala yolira mokoka ija sinayambire mu nyimbo za country

Anthu ambiri muno mu Blantyre akamva gitala yolira mokoka mawu pa wailesi kapena m'minibasi ya ku Ndirande, amangoti ndi ya oimba country a ku America. Ayi ndithu. Kaimbidwe kameneka kanachokera ku zilumba za Hawaii, ndipo amene amadziwika kuti anakayambitsa ndi Joseph Kekuku, cha m'ma 1880. Ku America kanafala kwambiri chitachitika chionetsero chachikulu cha mayiko osiyanasiyana ku San Francisco mu 1915, komwe oimba a ku Hawaii anakaimba, oimba country n'kudzakatengera pambuyo pake.

Gitalayo amaigoneka pamiyendo, nsambo zake zitakwezedwa pang'ono. Dzanja lamanzere silidina nsambo ndi zala, limangotsetsereketsa kachitsulo kosalala pamwamba pake. Nsambozo amazichuna mwakuti ukaziliza zonse pamodzi osagwira paliponse zimamveka zogwirizana kale. Kuno kwathu akuluakulu ankaitcha hauyani, ndipo ena ankatsetsereketsa botolo m'malo mwa kachitsulo.

N'chifukwa chake zimandiwawa ndikamva nyimbo zakale zikujambulidwanso mu situdiyo, gitala imeneyi ataikankhira kumbuyo ngati chokometsera chabe. Iyo payokha imatha kuimba nyimbo yonse m'malo mwa munthu, chifukwa imachoka pa liwu lina kufika pa lina osadumpha, ngati mmene amachitira woimba pakamwa. Wokonza nyimbo aipatse mpata. Ng'oma zikhale zofatsa, kiyibodi ichepe, ndipo nyimbo isathamange, chifukwa ikathamanga kachitsulo kamalephera kufika bwino pa liwu lililonse ndipo gitala imamveka ngati yosachunidwa.