Khungu lopyapyala lomwe limatembenuza maginito

M'tchipi za kompyuta za mtundu wa MRAM, nambala 0 ndi 1 zimasungidwa m'kamaginito kakang'ono kosaoneka ndi maso. Kakaloza uku ndi 0, kakaloza uko ndi 1. Magetsi akathima kamangokhala momwe kanaliri, ndiye zomwe mwasunga sizifufutika. Chovuta n'kukatembenuza, poti pamafunika magetsi ambiri, omwe amatenthetsa tchipi n'kumaliza batire.

Elekitironi iliyonse (kanthu kakang'ono kwambiri komwe kamanyamula magetsi) ili ndi chomwe timatcha spin, ngati kasingano ka kampasi. Mu waya wamba timasingano timeneti timaloza mwachisawawa. Koma tikaloza mbali imodzi n'kulowa m'maginito, timawakankha mpaka atembenuke. Kwa zaka zambiri akatswiri akhala akugwiritsa ntchito zitsulo zolemera monga platinum, tantalum ndi tungsten posanja timasinganoti.

Apa ndi pomwe zinthu zotchedwa topological insulator zandikopa mtima. Chodziwika kwambiri ndi bismuth selenide. Mkati mwake magetsi sayenera kudutsa, koma pakhungu pake amayenda bwinobwino. Ndipo pakhungupo elekitironi ilibe ufulu wosankha koloza: yopita kum'mawa spin yake imaloza, tinene, kumpoto, ndipo ikabwerera kumadzulo imaloza kum'mwera. Mukangodutsitsa magetsi, timasingano timasanjika tokha. Khalidweli limachokera m'kapangidwe ka chinthucho, n'chifukwa chake tizolakwika tapakhungu sitiliwononga msanga.

Mu 2014 gulu la Dan Ralph ku yunivesite ya Cornell ku America, mogwirizana ndi la Nitin Samarth ku yunivesite ya Penn State, linayala permalloy, chitsulo cha nickel ndi iron, pamwamba pa bismuth selenide wopyapyala mananomita ochepa chabe (nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a milimita). Linapeza kuti mkankho wake pa maginito ndi wamphamvu kuposa wa zitsulo zolemera zija. Chaka chomwecho gulu la Kang Wang ku yunivesite ya UCLA linatembenuzadi maginito, koma m'kuzizira koopsa kwa m'labotale. Pofika 2017, ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America ndi a ku National University of Singapore anachita zomwezo pa kutentha kwa m'nyumba.

Nanga n'chifukwa chiyani sizili m'foni mwanu? Magetsi amakonda njira yofewa. Maginito a chitsulo amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa khungu lija, choncho ambiri amalambalala n'kungotayika. Komanso selenium akasowa pena ndi pena, mkati muja mumayamba kudutsa magetsi. Ndiye pali nkhani ya fakitale: makhungu abwino amakulitsidwa pang'onopang'ono ndi makina okwera mtengo a MBE, omwe amayala maatomu mosanjikiza, pomwe mafakitale a tchipi amadalira njira yachangu ya sputtering, yomwe imamwaza maatomu kuti amatike pamwamba pa tchipi. Ine maso anga ali pamenepa. Mu 2018 gulu la Jian-Ping Wang ku Minnesota linaonetsa kuti bismuth selenide wa sputtering nayenso amatembenuza maginito, ndipo la Pham Nam Hai ku Tokyo linasankha bismuth antimony, yemwe amadutsitsa magetsi bwino moti ochepa okha ndi omwe amalambalala.