Ulova umadwalitsa, koma sukantha anthu mofanana

Pa ntchito yanga ya zaumoyo muno mu Lilongwe, ndinaphunzira kufunsa funso limene silipezeka m'buku la kuchipatala: "Kodi bambo, ntchito ikadalipo?" Bambo wina wa ku Mtandire ankabwera mwezi ndi mwezi akudandaula za mutu ndi kusowa tulo, BP ili yokwera, mpaka tsiku lina anazyolika n'kuulula kuti ntchito yawo ya ulonda inatha kalekale ndipo mwini nyumba akuwalonjerera lendi.

Nkhawa ikakhalitsa, thupi limatulutsa kwambiri mahomoni monga cortisol ndi adrenaline, omwe amathamangitsa mtima ndi kukweza BP komanso shuga m'magazi. Pakhomo chakudya chimayamba kuperewera, ana amanyentchera, ena amathawira ku kachasu, ndipo ena amafika poganiza zodzipha.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha kumudzi, kumene kalembera wa 2018 anapeza kuti kumakhala Amalawi 84 mwa 100 aliwonse. Kumeneko ulova umabisala, chifukwa munthu wokhalira maganyu amawerengedwa ngati ali pa ntchito, chikhalirecho m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale amasiya munda wake ukuwirira n'kukapalira wa mnzake kuti apeze kambale ka ufa. Chipatala cha boma n'chaulere ndithu, koma mayi wa ku Malingunde amene amutumiza ku Kamuzu Central amafunika ndalama ya kabaza, ya minibasi ndi ya chakudya cha womudikirira, ndipo mankhwala akasowa amauzidwa kuti akagule. Zipatala za mipingo za m'bungwe la CHAM monga Nkhoma ndi Likuni zimalipiritsa. N'chifukwa chake ambiri amatipeza matenda atakula kale.

M'maiko ena mpanda woterewu umatsata khungu. Ku America, kuyambira m'ma 1950, ulova pakati pa anthu akuda wakhala pafupifupi kuwirikiza kawiri wa azungu, ndipo popeza ambiri amapeza inshuwalansi ya chipatala kudzera kwa owalemba ntchito, ntchito ikatha thandizolo limathanso. Ku South Africa, kumene achinyamata athu amathamangira, tsankho linatha mwalamulo mu 1994, koma akuda ndiwo akusowabe ntchito kwambiri.

Kuno kwathu, Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wa mphamvu zogwirira ntchito. Bambo wa ku Mtandire uja mphamvu ali nazo, choncho m'ndondomekoyi sangalowemo, ndipo ine ndinangowalembera mapilitsi a BP a mwezi umodzi.